Masika Amene Adona Analeka Kubzikula

Pawindo la ofesi yanga pali botolo lobiriwira, lakhosi lalitali, lobenthuka pang'ono pakamwa. Ophunzira anga amayesa n'loikamo maluwa, ndipo wina anafuna kulitaya tsiku lina akusesa. Ndinamukalipira ngati waponda mwana. Botolo limenelo ndinachoka nalo kwathu ku Zemba, ndipo ndikalinunkhiza ndimadzinamiza kuti fungo la chaka chija likadalimo.

Ndinali m'giredi 4 pamene gulu la amayi a kutchalitchi kwathu linalandira ng'ombe imodzi yamkaka, yamawanga akuda ndi oyera, ili ndi bere. Pangano linali lakuti woisunga adzapereke mwana wamkazi woyamba kwa mnzake, mnzakeyo adzaperekenso kwa wina, mpaka gulu lonse lidzamwe tiyi wamkaka. Maere anagwera amayi anga. Bambo anali atamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinalipo amayi, ine, ndi amalume amene ankakhala nyumba yoyandikana. Amuna a m'mudzi sanabise maganizo awo. "Ng'ombe yotere kwa munthu wamkazi? Tidya nyama posachedwa." Amayi ankamva, koma ankangomanga chitenje n'kupitiriza kusenza mitengo ya khola.

Ng'ombe zina zonse zinkalawirira kudambo kukadzifunira udzu. Iyi ayi. Inali ndi khola ladenga, udzu tinkachita kuimwetera, madzi kuitungira. Anthu sanachedwe kuipatsa dzina lakuti Adona, ndipo dzinalo linakhala. Ngakhale amayi, amene poyamba ankakwiya nalo, tinawamva m'mawa wina akufunsa pakhomo pa khola kuti, "Mwadzuka bwanji Adona?"

Anali masika abwino. Nkhokwe zinadzaza mpaka kuchita kuponderezera, mtedza unali mbwee padzuwa, ndipo mitondo inkalira kuyambira tambala. Gaga anali paliponse, nkhuku mpaka kumamudutsa osamuyang'ana. Ine ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali yokhala pamtengo wa khola n'kumaonerera Adona akubzikula. Ndinkadabwa nazo kwambiri. Ng'ombe ili gone, pakamwa palibe kanthu, kenaka kachotupa kakukwera pakhosi, basi yayamba kutafuna ngati munthu amene wakumbukira nkhani yosangalatsa. Ndinafunsa amalume kumene chakudyacho chinkachokera. Iwo anati ng'ombe ili ndi nkhokwe yakeyake m'mimba. Lero, nditatha zaka zambiri ndikufufuza chimene chimachitika m'chifu cha ng'ombe yamkaka, ndimaona kuti sananame kwenikweni.

Tsoka linabwera ndi ulemu. Lamulungu lina, mapemphero atatha, amayi onse a gulu anabwera kudzaona ng'ombe yawo. Kwathu munthu sapita kukaona mlendo chimanjamanja. Aliyense anafika ndi kambale kake: wina gaga, wina mphale, wina chimanga chotonola, wina ufa weniweni woyera. Ndipo aliyense anafuna kuti Adona adye za m'mbale yake iye akuona. Amayi anga akanakaniza bwanji, pamene ng'ombeyo inali ya onse? Komanso ndani ankadziwa kuti pali choopsa? Adona sanakane mbale ngakhale imodzi. Ankanyambita mpaka mbale kuwala, amayiwo akuwomba m'manja n'kumayamikira kuti ng'ombe yake ndi yopanda manyazi. Madzulo amalume, posafuna kuchepekedwa ndi alendo, anawonjezanso beseni lawo la gaga.

Kutacha tinapeza Adona ali gone, makutu ali pendapenda, maso olowa. Udzu osaufuna. Ndowe zinali zamadzimadzi, zonunkha chowawasa ngati thobwa logonetsa. Ine ndinakhala pamtengo paja kudikira kachotupa kapakhosi, koma sikanakwere. Ndinathamangira kwa amayi kukanena kuti Adona aiwala kutafuna. Amayi sanaseke. Anaika mtsuko pansi, nalowa m'khola, n'kugwira ng'ombeyo pamimba nthawi yaitali.

Amalume anakwera njinga ulendo wa ku boma ku Chadiza kukafuna alangizi a ziweto. Anabwerako okha dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Njinga yamoto ya alangiziwo inali itafa, koma anawapatsa malangizo, ndipo amalume anawanena ataima pakati pa bwalo ngati akulengeza kutchalitchi. Gaga asaonekenso pafupi ndi khola. Udzu wouma wokhawokha. Timwetse ng'ombe soda, yemwe uja wophikira therere. Kenaka anatsokomola pang'ono n'kunena chotsiriza: tipeze ng'ombe yamoyo bwino, tiilande zimene ikubzikula m'kamwa mwake, tisungunule m'madzi ofunda, timwetse Adona.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Wina anafunsa ngati amalume sanapatukire pamowa pobwerera. Amayi okha ndiwo anati, "Achimwene, ngati atero, tichita."

Ng'ombe zapafupi zimene zinkagona pakhomo masana zinali ziwiri za aphunzitsi athu, zokoka ngolo. Aphunzitsiwo anali mkulu wa mpingo wa Reformed, ife Akatolika, ndipo iwo ndi amalume ankakonda kunyogodolana za chipembedzo akakumana pachigayo. Atamva chimene tadzera, anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Tengani," anatero. "Kupatsa n'kuika. Koma ng'ombe yanuyo ikachira ikayamba kuimba nyimbo zakwathu, musadzabwere kudzadandaula."

Kulanda ng'ombe chakudya cha m'kamwa si masewera. Ng'ombe ya aphunzitsi, yofiira yanyanga zopindika, inali gone pansi pa mtengo wa mango ikutafuna mwamtendere. Amalume akangoyandikira, inkawayang'ana n'kumeza. Akabwerera m'mbuyo, n'kuyambiranso. Anayesa kuidzera kumbuyo, anayesa kuyimba mluzu ngati akungodutsa, koma ng'ombe inkawadziwa mtima. Ana a sukulu anadzaza mpanda wonse, aphunzitsi akulephera kuwathamangitsa chifukwa nawonso misozi inali ikutsika ndi kuseka.

Apa ndiye kuonerera kwanga kwa masiku onse aja kunapeza ntchito. Ndinauza amalume kuti asamadikire ng'ombe iyambe kutafuna, koma akhale pafupi, dzanja lili pamphuno pake, ine ndiziyang'ana pakhosi. Ulendo woyamba nditaona kachotupa kakukwera ndinakuwa kuti, "Icho!" Ng'ombe inadzidzimuka n'kumeza, ndipo amalume anandiyang'ana diso limene sindiliiwala. Ulendo wachiwiri ndinangotukula chala. Amalume anagwira mphuno, napisa dzanja m'mbali mwa kamwa, n'kutulutsa chibulumwa chobiriwira, chofunda, chikutuluka nthunzi. Anatulukanso ndi chala chotupa, chimene anachionetsa kwa aliyense mpaka mvula inagwa.

Fungo lake ndilibe nalo mawu. Tinathamanga nacho m'kambale kovindikira kuti chisazizire. Amayi anachisungunula m'madzi ofunda, ndipo posowa chosefera anavula mpango wawo wa kutchalitchi, woyera uja, nasefera momwemo. Madzi obiriwirawo anawathira m'botolo ili lili pawindo langa. Amalume anakweza mutu wa Adona, amayi analowetsa khosi la botolo m'mbali mwa kamwa, n'kumathira pang'onopang'ono akuyankhula nayo ngati mwana wodwala malungo. Kubenthuka kwa pakamwa pa botolo ndi dzino la Adona.

Tinachita zimenezi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo. Ng'ombe ya aphunzitsi inafika potizindikira, ikangotiona inkaimirira n'kutembenuka. Amayi a gulu ankabwera mmodzimmodzi, tsopano chimanjamanja, n'kukhala pansi kunja kwa khola. Amene anayenera kudzalandira mwana wa ng'ombeyo ankabwera tsiku lililonse. Amuna aja nawonso ankadutsa, ena akufunsa mwaulemu wonyenga ngati mpeni wa amalume uli wakuthwa. Ine zonsezi ndinkaziona ngati chisangalalo chachikulu. Kusukulu ndinali munthu wotchuka, mwana wodziwa pakhosi pa ng'ombe.

Ndinafunsa aphunzitsi kuti m'zobzikulazo muli mankhwala anji. Sanadzionetse ngati odziwa zonse. Anati, "Ine sindidziwa, mwana wanga. Udzapite ukaphunzire, udzatiuze." Ananena mongocheza, akukonza goli la ngolo, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika madzulo anali ataiwala. Ine ndinazitenga ngati andituma.

Yankho ndinalipeza patapita zaka zambiri, diso lili pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. M'chifu cha ng'ombe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, ndipo ndi timeneti timene timagaya udzu. Ng'ombe imadyetsa ito, ito n'kumadyetsa ng'ombe. Chimanga chikachuluka mwadzidzidzi, m'chifumo mumawawasa, tizilombo togaya udzu n'kufa. Mbale zaulemu zija zinapha mudzi wonse m'mimba mwa Adona, ndipo chimene amalume ankalanda kwa ng'ombe ya aphunzitsi chinali mbewu yoyambiranso mudziwo. Lero ntchito yanga ndi yomweyo. Ndimayesa zakudya zimene mlimi wamng'ono ali nazo kale, mapesi, masamba a mtedza, gaga wapamuyeso, kuti ndione chimene chimabweretsa mkaka popanda kudwalitsa ng'ombe. Tili ndi ng'ombe zimene madokotala a ziweto anaziika kachitseko pambali pa mimba, ndipo ndimapisamo dzanja mpaka m'phewa. Amayi atamva zimenezi anagwira pakamwa. "Sukulu yonse ija kuti uzikapisa dzanja m'mimba mwa ng'ombe? Amalume ako ankachita zomwezo osalemba mayeso."

M'mawa umene Adona anachira kunali kachisanu ka mwezi wa Juni. Ndinali pamtengo wanga ndikudya mbatata yootcha, amayi akusesa ndowe. Adona anali atatolako udzu pang'ono dzulo lake, koma palibe amene ankafuna kuyembekezera zambiri. Ndiye ndinaona pakhosi pakugwedezeka. Kachotupa kanakwera pang'onopang'ono, kanafika, ndipo nsagwada zinayamba kuyenda uku ndi uku. Sindinakuwe. Ndinali nditaphunzira. Ndinangotukula chala.

Amayi anaona chalacho, nayang'ana ng'ombe, tsache n'kugwa m'manja. Ndinkayembekezera nthungululu, ndipo zinabweradi pambuyo pake, mudzi wonse unamva. Aphunzitsi anatumiza uthenga wofunsa ngati Adona ayamba kale nyimbo zija. Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa, wamkazi, ndipo atakula anapita kwa mwini wake monga mwa pangano. Koma nthungululuzo zisanayambe, amayi anakhala kaye pansi pomwepo m'khola, pandowe, natenga mpango uja umene unali utayanikidwa pamtengo, wobiriwira tsopano moti sopo analephera, n'kubisamo nkhope yawo. Mapewa awo ankagwedezeka.

Ine ndinaseka. Ndinawauza kuti achotse mpangowo kumaso, chifukwa fungo lake ndi limene likuwatulutsa misozi. Iwo anavomera ndi mutu kuti inde, ndi fungo, koma mpango sanauchotse. Ndinatsika pamtengo kupita kukauza amalume nkhani yabwino, ndikudabwa m'njira kuti munthu wamkulu angadziike dala chinthu chonunkha chotero pamphuno.