Migolo ya Petulo M'chigafa cha Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene bambo anagulitsa ng'ombe zathu. Chinali chaka cha chisankho, matipate akadali achilendo. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Kachebere, ndipo bambo anali mkamwini pamudzipo. Analima pamenepo zaka zambiri, komabe nkhani za mbumba zikayamba ankakhala kumbuyo. Wolamula ife ana anali mlongo wawo wa amayi, amalume a Sitefano. Ndi momwe tinaleredwera. Bambo amakubereka, koma mwini wako ndi malume.

Ng'ombezo zinali ziwiri zapangolo, Bulaki ndi Kapiteni, ndipo woweta ndinali ine. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, sindichita nazo manyazi. Ngolo ija ndiyo inkatidyetsa. Inkatuta fodya, njerwa, chimanga, ngakhale odwala opita kuchipatala.

Amalume anali munthu wa pabodala, wogulitsa petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Msika wa fodya utangotsegulidwa anandiitana kuti ndiziwathandiza. Inali ntchito yanga yoyamba. M'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kupita ku Boma, zigubu ziwiri pakaliyala, kukagula petulo. Ndikabwerako tinkamukhuthulira m'migolo yomwe anaibisa m'chigafa, kuseri kwa mabelo a fodya. Fungo lake linandilowerera m'malaya mpaka amayi anandiletsa kuyandikira moto.

Chodabwitsa n'chakuti sankagulitsa. Madalaivala akabwera kudzafunsa, ankawauza kuti watha. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anaseka, n'kundikhazika pa mgolo. Anati mtengo wa petulo uli ngati madzi a mu Bua, uli ndi dzinja lake ndi chilimwe chake. Fodya akamagulitsidwa madola amalowa m'dziko, kwacha imalimba, mtengo umagona. Msika ukatsekedwa, dziko n'kuyamba kuitanitsa feteleza, madola amasowa ndipo mtengo umadzuka. Koma chaka cha chisankho, anatero, olamula amaupondereza dala kuti anthu asang'ung'udze. Mavoti akangowerengedwa amautaya, ndiye umalumpha ngati mbuzi yodula chingwe.

"Izi ndi za m'banja, mphwanga. Usakauze mlendo."

Ndinafunsa kuti mlendoyo ndani. Anati aliyense amene anachita kubwera pamudzi pano. Ndinamva. Ndinadzimvanso wamkulu, poti andiuza zomwe bambo sankadziwa.

Amalume omwewo masana ankavala malaya a chipani, kukwera lole ya kampeni, n'kumakuwa kuti chipani chawo chikapambana petulo sadzakweranso. Ine ndinkangoti ndi mmene ndale zimayendera.

Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi anabwera kwathu. Anauza bambo kuti ku Boma kuli munthu akugulitsa kagalimoto kakale, koyenera matola. Anati ngolo ndi za nthawi ya chipani chimodzi, dziko lasintha, alamu awo asamangonunkha ndowe. Petulo ngotchipa ndipo akhala choncho, akuluakulu a chipani awatsimikizira. Ng'ombe ndi ngolo agula amalumewo kuti zisachoke pabanja, ndipo bambo angowonjezera ndalama za fodya.

Bambo sanali munthu wopupuluma. Anayamba apukusa kaye chipewa m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe umapita ku Boma tsiku ndi tsiku. Petuloyu ukumuona bwanji?"

Ndinayang'ana amalume. Iwo ankathothola chisoso pa buluku lawo.

"Ngotchipa, bambo."

Sindinaname. Tsiku limenelo anali wotchipadi. Lachitatu lake ndinakusa ndekha Bulaki ndi Kapiteni kupita nawo kukhola la amalume, ndipo bambo anagula kagalimoto kaja.

Tinavota, mavoti anawerengedwa. Sipanapite nthawi wailesi inalengeza mtengo watsopano. Mvula ili pafupi unakweranso, ndipo ku Boma mapampu anauma. Apo m'pamene amalume anatsegula chigafa. Ndinaona bambo anga ataima pamzere ndi chigubu, pakati pa madalaivala a ku Chipata, akudikira mlamu wawo. Amalume anawagulitsa pa mtengo womwewo wa anthu onse.

Bambo anakweza mtengo wa matola, anthu anabwerera ku njinga ndi ngolo. Khrisimasi isanafike galimoto ija inali pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Feteleza wathu wa chaka chimenecho anabwera pa ngolo yaganyu. Inali ngolo yathu yomwe ija, ng'ombe zathu zomwe zija, ndipo bambo analipira.

Ndinaulula tili kumunda, tikupalira chimanga. Ndinanena zonse, za migolo, za madola, za mavoti. Ndinayembekezera mpini wa khasu pamsana, ndipo ndinkaufuna. Bambo anaongoka, napukuta thukuta.

"Amalume ako ndinkadziwa kuti akhoza kundinamiza. N'chifukwa chake ndinafunsa iwe."

Anawerama n'kupitiriza mzere wawo. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Kwa amayi sananene, poti akanatero ukwati ukanagwedezeka, ndipo wochoka pamudzi akanakhala iwo.

Madzulo ake ndinabweza njinga kwa amalume. Ndinawauza kuti anandigwiritsa ntchito ngati chigubu. Sanakwiye n'komwe. Anati malonda alibe mlamu, ndipo ndisalire chifukwa chuma cha malume amadya ndi mphwake. Chaka chotsatira anagulitsa ng'ombe zija kwa wopha nyama wa pabodala. Ndinamva kwa anthu.

Lero imvi zandikwana. Ndaona petulo akugona nthawi ya fodya, akudzuka nthawi ya mvula, akukhala phee chisankho chikayandikira. Amalume sananame pa zimenezo, ndipo ndikamva achinyamata akukangana za mtengo pa siteji ndimangowadutsa. Andale sindiwawerengera kwambiri. Bodza lawo amalinenera pa lole, masana, aliyense ali ndi makutu ake. Limene linatha bambo linadzera pakamwa pa mwana wawo, ndipo amalume anadziwa kuti lidzadzera pomwepo. Anandisankha chifukwa bambo ankandikhulupirira.

Mlongo wanga ali ndi ana asanu, onse amanditcha malume, ndipo mwambo umati ndine mwini wawo. Aliyense akafika msinkhu womva ndimamuitana n'kumuuza chinthu chimodzi. Bambo ako akakufunsa kanthu, uwayankhe zonse, ngakhale amene wakuletsa ndili ine.