Tsiku limene nsanja ya ku Chulu inazima

Chaka cha mliri wa korona ndimachikumbukira ngati ndinachita kuchilota. Sukulu zinali zotseka, pa boma la Kasungu anthu ankapatsana moni ndi zigongono, ndipo nkhope zonse zinkathera m'maso chifukwa cha masiki. Ife amisiri a nsanja za foni ndi intaneti sitinapume. Akuluakulu athu anati popeza anthu asiya kuyenderana, netiweki isayerekeze kuduka.

Ndinali mkazi ndekha m'gulu lathu, ndipo anandipatsa nsanja za cha ku Chulu. Mwa zonsezo ndinkakonda imodzi, yoima pakamtunda pakati pa esiteti ya fodya. Ndikakwera pamwamba, nditadzimanga lamba m'chiuno, dziko linkayala lathyathyathya, lobiriwira mpaka kumene maso alekezera. Zigafa zoyanikamo fodya zinkachepa ngati mabokosi a machesi. Kumeneko ndinkavula masiki n'kupuma mpweya wosagawana ndi munthu. Mphepo inkabwera ndi fungo la dothi lonyowa, mwina ndi nyimbo ya amayi othyola fodya, yofika zidutswazidutswa. Nthawi zina ndinkaiwala chimene ndakwerera.

Tsiku lina kunagwa mvula ya mphezi, nsanjayo n'kuzima. M'mawa mwake ndinanyamuka ndi chipangizo chokalowa m'malo mwa chimene chinapsa, bokosi lolemera ngati thumba la feteleza. Nditafika padambo, galimoto inatitimira m'matope. Ndinayesa kutsogolo, ndinayesa kumbuyo, matayala ankangozungulira. Ndinazimitsa n'kukhala phee, kumvera achule. Nkhungu inali isanachoke, ndipo m'nkhungumo munatulukira ngolo ya ng'ombe yodzaza masamba a fodya. Ankayendetsa anali bambo achikulire a chipewa chong'ambika, mmodzi wa matenanti a pa esitetipo.

"Mayi, mwakanirira?"

"Ndakanirira, bambo. Ndimapita kunsanja uko."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bokosi lija. "Ndinu okonza aja? Kwerani msanga, galimoto tidzaiona pobwera."

Ndinakhala kumbuyo pamasamba, iwo kutsogolo, titatalikirana monga ankatilangizira. Masambawo anali ozizira ndi onata. Ngolo inkagwedera pang'onopang'ono, mitambo ikuyenda nafe, mpaka ndinayamba kuwodzera. Ndiye bambowo anayamba kulankhula osacheuka. Kwawo kunali ku Phalombe. Akazi awo anapita kumeneko kumaliro a mlongo wawo, n'kudwala chifuwa chija, ndipo anawagoneka kuchipatala. Mwana wawo wamkazi ndiye ankatumiza uthenga pafoni tsiku ndi tsiku. Uthenga womaliza unati akupuma movutikira. Kenaka mphezi ija.

"Chiyambire dzulo, mayi, sindikudziwa ngati ndikadali ndi mkazi," anatero.

Tulo tinandithera.

Titafika anandithandiza kutsitsa bokosi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pomwe matenanti ankakonda kuimbira abale awo Lamulungu masana. Ine ndinamasula chopsacho, chikununkhabe utsi, ndinamanga chatsopano, kenaka ndinakwera kukaona ngati nthambo za pamwamba zinapulumuka. Zinali bwino. Nditatsika n'kuyatsa, timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira kamodzikamodzi.

Zimene zinatsatira sindinazionenso kwina. M'minda monse mafoni anayamba kulira, ili kuno, ilo uko, mauthenga amene anaunjikana akulowa nthawi imodzi. Anthu amene sindinkawaona anadzuka m'mizere ya fodya, akupisa m'matumba ndi m'zitenje.

Ya bambo aja inaliranso. Anaiyang'ana osaigwira bwino, zala zili bii ndi utomoni wa fodya.

"Mayi, tandiyankhirani. Ine sinditha."

Anali mwana wawo, akuimba pa kanema. Ndinadina, n'kuwagwirira foniyo patsogolo, mkono nditautambasula. Panaoneka denga loyera, kenaka chithunzi chinagwedezeka, n'kuima pa nkhope ya mayi owonda, a duku lopendekeka, atatsamira pilo. Anali maso. Anasuzumira pafupi kwambiri mpaka tinkangoona mphumi.

"Bambo ake, ndinu? Mwadetsedwa bwanji chonchi?" Mawu anali osasa, opumira m'njira. "Nanga chigafa chodontha chija munafolera?"

Bambowo anaseka, kuseka kwake kunasanduka kulira, n'kubisa nkhope m'chipewa. Ine ndinayang'ana kumbali, kumene ng'ombe zinkadya msipu, dzuwa litayamba kuboola nkhungu. Nditaona kuti mtima wawo wakhazikika, ndinawapatsa foni n'kukalongedza zipangizo zanga. Anacheza nthawi yaitali. Ndinkangomva za mbuzi, za phala la kuchipatala lopanda mchere, ndi za mvula.

Pobwerera anatsitsa fodya kuchigafa, n'kukamangirira ng'ombe kugalimoto yanga. Inatuluka m'matope kamodzi n'kamodzi.

Nyengo ya mvula itatha ndinapitakonso kukapukuta fumbi pa masola a nsanja ija. Ndinapeza mayi aja atabwera, atakhala pamphasa mumthunzi akusankha fodya wouma, akadali ofooka koma akulamula aliyense. Amuna awo atawauza kuti ndine ndani, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndiye ndinu mumakwera uko? Amayi anu akudziwa?"

Ndinati akudziwa, koma sakondwa nazo. Anapukusa mutu, n'kutuma amuna awo kukandithyolera maungu awiri kudimba.