Bambo Ankasuta Nkhani Zanga

Bambo anga anasuta nkhani zanga zonse. Sindikunama. Zaka zimene ndinali mtolankhani ku Lilongwe ndinkawatumizira nyuzipepala kwathu ku Nambuma, iwo n'kumang'amba kupichiramo chingambwe. Kuwerenga sankatha, komabe ankaziweruza: za ndale zimayabwa pakhosi, za mpira zimazima msanga.

Nditasiya utolankhani ndinalemba buku lophunzitsa anthu bizinesi, ine amene sindinagulitsepo ngakhale phwetekere. Ndinawapititsira limodzi. Analipapasa, kulinunkhiza, n'kunena kuti, "Ili silingayake, mwana wanga. Ntchito yakale ija inali bwino."

Anamwalira nyengo yosoka fodya. Ndinafika m'mawa wa tsiku loika maliro, pabwalo patadzaza kale. Kulira ndinayesa ndithu, maso anakana.

Bambo aang'ono anandikokera kuseri kwa chigafa. "Mbiri ya malemu ulembe iwe. Si ndiwe wolemba, eti? Iwerengedwe tisananyamuke kupita kumanda."

Ndinakhala pa njerwa, pepala pabondo. Ine ndinafunsapo nduna, ndinafunsapo eni mashopu, tsiku lina ku Msundwe ndinafunsa wakuba ali mumtengo, anthu akumudikira pansi, ndipo anayankha bwinobwino. Koma Bambo sindinawafunsepo kanthu kupatula za mvula. Ngakhale chaka chimene anabadwa sindinkachidziwa.

Ndinapita kwa azakhali, mlongo wawo.

"Kodi alongo anuwa anabadwa liti?"

"Mvula ikugwa."

"Chaka chake, azakhali."

"Iwe, ine ndinalipo? Si iwe unkadziwa zonse m'nyuzimo?"

Ndinalowa kuchipinda kwa Bambo kukafuna khadi lawo la ubatizo. Buku langa ndinalipeza pansi pa mwendo wa bedi umene unali waufupi. Khadi sindinalione. M'sutikesi munali chitini, m'chitinimo timapepala tating'ono ngati chala, tomangidwa ndi luzi m'timitolo monga amamangira fodya. Kalikonse kanali ndi dzina langa, lodulidwa pamwamba pa nkhani. Amayi ali pakhomo anati, "Dzinalo analiloweza kaonekedwe kake. Ankayamba achotsa, kenako n'kusuta."

Ndinatseka chitinicho. Panja anali atayamba nyimbo yotulutsira bokosi.

Atandiitana ndinaimirira n'kuwerenga: "Malemu anali mlimi wa fodya. Anabadwa mvula ikugwa. Anasuta nyuzipepala zambiri, koma dzina la mwana wawo sanalisutepo."

Anthu anadikira. Akatekisiti anandinong'oneza, "Basi?"

"Basi."

Bambo aang'ono mpaka lero amati mbiri yoteroyo ndi ya nkhuku, osati ya munthu wosiya ana asanu. Adzukulu okumba manda okha ndi amene anandithokoza, akuti dzuwa silinawaotche.

Chitini ndinapita nacho kutauni, sindinachitsegulenso. Buku ndinalisiya pomwepo. Amayi amagona pabedi lomwelo, ndipo kulichotsa bukulo bedi lingapendekeke.