Khadi Lomwe Mayi Salome Anaboola

Amene anakulira ku Lifuwu m'zaka za m'ma 1970 amawakumbukira Mayi Salome, telala wa nyumba yoyang'anana ndi njira ya kusikimu ya mpunga. Amuna awo anapita ku Joni banja lili ndi zaka ziwiri zokha, n'kutchona komweko. Chimene anatumiza ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, ndipo makinawo ndiwo anawadyetsa moyo wawo wonse. Mwana wawowawo analibe.

Koma ana pakhomopo sankasowa. Nyengo yowokera mpunga ikafika, azimayi opita kusikimu ankawasiyira ana pakhonde poopa kuti angagwere m'ngalande. Poyamba ankangowayang'anira. Ataona kuti timanja tija tikungothamangira singano ndi sizasi, anaganiza zowapatsa anawo chochita. Ankadula makatoni a sopo tizidutswa tonga chikhatho, kutenthetsa msomali pamakala, n'kuboola mabowo m'mbali mozungulira. Chingwe ankasolola ku maukonde otha ntchito, nsonga yake n'kuiviika m'phula la kandulo kuti ilimbe. Mwana ankalowetsa chingwecho pabowo ili n'kutulutsira pa linalo, mpaka kuzungulira. Iwo ankati mwana amene wazungulira katoni osalumpha bowo, chaka chamawa ukhoza kumpatsa singano ndipo sangadzibaye. Anthu anayamba kulitchula khondelo kuti sukulu ya mkaka.

Makatoni ankavuta kupeza, choncho anawo anauzidwa kuti akatola pepala lolimba kwawo azibwera nalo.

Lachitatu lina mu Epulo 1978, Mayi Salome anali pa changu cha madiresi a ukwati. Anasonkhanitsa timapepala tomwe ana anabweretsa, kutisanjikiza, n'kutiboola tonse pamodzi osatiyang'ana. Kena kanali kopinda pakati, kakuda ndi thukuta ndi mafuta a nsomba. Kameneko kanali ka Zuleka, mwana wa zaka zisanu wa a Twaibu, msodzi wa m'mudzimo. Tsiku limenelo Zuleka anazungulira mabowo onse koyamba, ndi ulusi wofiira wotsala ku madiresi aja. Mayi Salome anamuyamikira maso ali pa makina, ndipo mwanayo anathamangira kudoko kukaonetsa bambo ake.

Dzuwa litapendeka anafika a Janet, mnansi wawo, akupuma mwabefu. Anawakokera m'nyumba n'kuwauza motsitsa mawu. A Twaibu amalongedza katundu m'boti lopita ku chilumba cha Mbenji, pomwe anyamata a chipani anafika kudzaona makhadi. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, ngakhale kukwera basi kumene. A Twaibu ali mkati mopisapisa m'matumba, Zuleka anatulukira akukupiza khadi lija m'mwamba, loboolaboola, losokerera ulusi wofiira. Tsopano bamboyo anali kwa a Fanuel, tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo anyamatawo ankanena kuti anapatsa mwana khadi ngati chidole chifukwa chonyoza boma.

A Janet anawalangiza kuti akhale phee, poti dzina lawo linali lisanatchulidwe. A Twaibu sanaulule kanthu, ndipo mawu a mwana palibe ankawamvera.

Mayi Salome anakhala pampando wa makina. Anakumbukira mabanja amene anakana kugula khadi zaka zingapo m'mbuyomo, momwe anasowera m'mudzimo, mabwinja awo n'kumera chitsamba. Amenewo anangokana kugula. Nanga woboola? Anaima, nakhalanso. Kenaka anatenga khadi lawo, msomali uja ndi makatoni atatu, kumanga pa duku, n'kuyamba ulendo.

Pabwalo la a Fanuel panali anthu ambiri koma panali zii. A Twaibu anakhala pansi, mlomo utatupa, Zuleka atakakamira chitenje cha mayi ake. Khadi linali patebulo. A Fanuel anali munthu wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, ndipo anthu ankawaopa chifukwa sunkadziwa komwe nkhani akupita nayo. Anali akuwerenga mabowo ndi chala.

"Khumi ndi anayi, otalikirana mofanana. Mwana sangaboole chonchi. A Twaibu, ndikufunsaninso, waboola ndani?"

"Ndine, bambo," anatero Mayi Salome atagwada kumbuyo kwa anthu.

Mitu yonse inatembenuka. A Fanuel anawaitanira kutsogolo, ndipo iwo anamasula duku n'kuyala zinthu zija pansi. Anafotokoza za makatoni, za msomali, za changu cha madiresi. Mnyamata wina wa chipani anati zonsezo n'zonamizira, mayiyu amaphunzitsa ana kung'amba makhadi akadali aang'ono, apite naye ku boma akayankhe komweko. Ena awiri anavomereza.

A Fanuel anapempha khadi la Mayi Salome, nalitembenuza mbali zonse. Linali la chaka chomwecho, losungidwa bwino m'pepala la shuga.

"Lanu mumalisamala. La mnzanu ndiye la msomali?"

"Sindinalione, bambo. Ndikadaliona sindikadaboola."

"Telala wosaona chimene akuboola?"

A Fanuel anayang'ana anyamata aja, kenaka khamu. Azimayi ambiri pamenepo anali ndi ana pakhonde lija, ndipo mdzukulu wa a Fanuel nayenso ankapitako. Mayi Salome anazindikira kuti mkuluyo nayenso ali ndi mantha, kuti akafewetsa nkhaniyi mawa anyamatawo akamneneza iyeyo.

Potsiriza a Fanuel analamula kuti ulusi uchotsedwe ndi amene anausoka. Zuleka anamukankhira patebulo, koma atamva kuti amasule ntchito yake analira n'kubisa manja kumbuyo. Mnyamata wa chipani uja anasendera kwa mwanayo. Mayi Salome anafulumira kupempha kuti amasule okha. Anasolola ulusiwo bowo ndi bowo, podziwa kuti khadi likang'ambika pamaso pa anthu onsewo ndiye kwatha. Pa bowo lina pepala linali litafewa, ndipo anachita kuutulutsa ndi nsonga ya chikhadabo. Khadi linatsala lamphumphu.

Chigamulo chinali chakuti a Twaibu agule khadi lina, ndipo sukulu ya pakhonde itsekedwe tsiku lomwelo. Za kuboma a Fanuel anati aziganizira. Khadi loboola lija analiika m'thumba la jekete.

Mawu akuti aziganizira ndi amene anawadwalitsa Mayi Salome. Miyezi yonse ya chisanu, galimoto ikamveka pamsewu wa kusikimu ankasiya kupukusa makina mpaka ipitirire. Anaonda. Makasitomala ena anasamukira kwa telala wa kumsika, ndipo a Twaibu atabwerako ku Mbenji ankangowapatsa moni wa patali. Zuleka anamutumiza kwa azakhali ake ku Nkhotakota.

Mu Januwale mwana wina wa zaka zitatu anagwera m'ngalande mayi ake akuwokera mpunga, ndipo anthu anamuvuula atamwa madzi ambiri. Anapulumuka. Patapita masiku awiri, akazi a a Fanuel anafika ndi chitenje choti apinde m'mphepete. Pochoka ananena ngati zongodutsa kuti abambo akuti ana akhoza kumabweranso, koma pakhondepo pasadzaonekenso pepala la mtundu uliwonse.

Mayi Salome anayambiranso, tsopano ndi zidutswa za chikopa cha mbuzi ndi za machubu a njinga. Anaphunzitsa zaka zina khumi ndi ziwiri, ndipo za tsiku lija sanakambepo ndi munthu. Maso atayamba kuchita chifunga anasiya kusokera anthu, koma zigamba za zovala zawo ankasokabe okha. Ankaitana mwana aliyense wodutsa kuti awalowetsere ulusi pa singano, n'kumudzudzula akaunyowetsa kwambiri ndi malovu.