Nyemba Zouma ndi Ndege ya ku Karonga

Ndinadzuka tambala woyamba atangolira, ngakhale sikunali kugona kwenikweni. Usiku wonse azimayi anachezera kuimba m'nyumba momwe munagona thupi la amayi anga, azibambo ali panja kuwotha moto wa zitsa. Kunacha ndi chifunga komanso mvula yowaza, monga kumachitira ku Champiti nthawi ya dzinja.

Mtima wanga unali ku Karonga, kumene achimwene anga, mwana woyamba wa amayi, ankaphunzitsa. Tinawatumizira lamya pa boma, koma yankho zii. Amayi akudwala anandigwira dzanja n'kunena kuti asadzaikidwe mwana wawoyo asanawaone nkhope. Ine ndinalonjeza.

Amalume, eni maliro, sanafune kumva zimenezo. "Karonga si kuseri kwa phiri, mwana iwe. Basi imagona panjira, nanji mvula ino. Masana tinyamula." Ndinawomba m'manja mwaulemu, koma mumtima ndinati tiona.

Kwathu maliro sanyamuka adzukulu okumba manda asanadye n'kutumiza mawu akuti nyumba yatha. Nanga woyang'anira zophika tsikulo anali ndani? Ine amene. Ndinasiya nyemba zatsopano, n'kukatapa za chaka chatha, zouma gwa ngati miyala, n'kusonkhezera nkhuni zonyowa.

Anthu ankangobwera, ena ochokera ku Sharpevale atafunda masamba a nthochi, ena atasenza ufa ndi mbatatesi. Masana anakwana. Adzukulu anatuma munthu kudzafunsa, ine n'kumulawitsa nyemba imodzi, iye n'kubwerera akupukusa mutu. Amalume anabwera okha nkhope itachita tsinya, anandipeza ndikupemerera moto ngati wakhama. Atachoka, mayi wina wachikulire anandiyang'anitsitsa, n'kuthira madzi ozizira mumphikamo.

Koma nyemba, kaya ziume bwanji, zimapsa ndithu. Dzuwa litapendeka adzukulu anadya, mawu anabwera, ndipo amuna awiri anatenga chivundikiro cha bokosi ndi misomali. Ndinati amayi, ndalephera ine.

Pomwepo anthu anayamba kukuwa cha kumsewu. Achimwene! Ankatsika chitunda akuthamanga, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Analowa m'nyumba, anagwada, anawaona amayi nkhope. Mulungu andikhululukire, ine ndinaimba nthungululu pa maliro a mayi wanga.

Tinanyamula mvula itakata, oimba patsogolo, mzere wa anthu kutalika mpaka kumunda kwa chimanga. Woyamba kuthira dothi anali achimwene.

Pobwera kumanda anatifotokozera. Lamya inawapeza dzulo lake madzulo. M'mawa anakwera kandege kakang'ono ku Karonga, kanatera pang'ono pa Mzuzu, n'kufika ku Lilongwe tiyi wa m'mawa akadali m'mimba. Mtunda wonse uja umene basi imagona nawo panjira! Chinawachedwetsa ndi lole yochokera ku Lilongwe ndi matope athu anowa. Amalume anagwira pakamwa, kenako anatembenukira kwa ine. "Ndiye kuti ndege yauluka dziko lonse nyemba zako zisanapse?" Ndinayang'ana pansi. Anali atadziwa.

Madzulo m'nyumba munali bata, mphasa ya amayi itapindidwa pakona. Ndinawapakulira achimwene nyemba zotsala. Anadya mpaka kunyambita zala, kenako anakweza maso.

"Achemwali, nyembazi zapsa bwino, ngati za amayi."