Ovaova ya pazenera la apongozi

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Kwa miyezi ingapo ndinkamvetsera mobisa zonse zolankhulidwa pakhonde la apongozi anga ine ndili kuntchito. Ndinkamvera pa ovaova, kawailesi kolankhulirana kaja, imene ndinaisiya pazenera lawo n'kuwanamiza kuti ikutchajidwa. Mpaka lero iwo sadziwa. Pakamwa zikundikanika, ndiye ndati ndilembe.

Kwathu ndi ku Utale, koma ndinakwatiwa ku Ntaja. Ndili ndi satifiketi ya zamakompyuta, ndipo ndi imene inandipezetsa ntchito pa kampani ina yogula mpunga ndi nandolo kwa alimi. Mwamuna wanga amayendetsa lole pa kampani yomweyo, ndipo masiku ambiri amakhala pamsewu, lero ku Ulongwe, mawa ku Balaka. Mwana wathu wamkazi ndinkamusiya ndi agogo ake, amayi a mwamuna wanga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa mzikiti, chakufupi ndithu ndi kuntchito kwanga.

Ma ovaova anabwera chifukwa abwana anatopa ndi mafoni. Kumalo athu ogulira mbewu, cha kumunsi kolowera ku Chiuta, netiweki imabwera ikafuna, ndipo mayunitsi amene ankagawira antchito ogula mbewu ankathera kwa zibwenzi. Tsiku lina anandiitana muofesi.

"Amayi a sukulu, tipezereni ma ovaova. Ndaona ena ku Balaka, ali ndi tochi, amaimbanso nyimbo."

"Bwana, tikagula amenewo alonda azimvera mpira, batire n'kutha katundu asanafike."

Anaseka, n'kundisiyira kuti ndisankhe ndekha. Ndinasankha osaoneka bwino, olemera m'manja, a batire lokhalitsa komanso otsekeka bwino kuti fumbi la mpunga lisalowe. Ndinafunsa wogulitsa kuti atipatse amene mawu ake amayenda bwino kutchire ndi m'madambo, osati a m'nyumba zosanja za m'tauni. Tinapempha chilolezo ku boma, anatipatsa mafunde athu a wailesi, ndipo pamwamba pa nyumba yosungiramo katundu tinaimika mlongoti wolandira mawu n'kuwaponya kutali.

Kenako inatsala ntchito yanga yeniyeni. Ovaova iliyonse ndinkailumikiza ku laputopu ndi kachingwe, n'kuiuza zochita. Tchanelo choyamba cha osunga katundu, chachiwiri cha madalaivala, chachitatu cha alonda. Ndinaikanso malire akuti munthu akalankhula nthawi yaitali osasiya batani, ovaova izimudula kuti anzake apeze mpata. Apa ndinalakwa, chifukwa ndinaiwala kuti kuno munthu sayamba nkhani asanalonjere. M'mawa woyamba ndinamva akapitawo athu, bambo achikulire, akuitana dalaivala wina.

"Salaam aleikum, mjomba! Ajimwiche uli? Nanga kunyumba? Mwendo wa amayi uja watani? Nanga maliro a kutsidya aja munapita..."

Ovaova inalira kuti tiii, n'kuwadula. Anabwera muofesi atakwiya, ataigwira ngati mbewa yakufa.

"Amayi a sukulu, kabokosi kanuka n'kamwano. Kandidula ndisanafike pa matumba. Kanaleredwa ndi ndani?"

Ndinawonjezera nthawi ija, malonje anayamba kukwanira, ndipo pamalopo panabwerera mtendere.

Mtendere umene unalibe unali wa mumtima mwanga. Mwana wanga ali wakhanda anadwalapo malungo mpaka kukomoka, ine ndili kuntchito, ndipo ndinamva mochedwa chifukwa foni ya apongozi imakhala yozimitsa pansi pa pilo. Anachira, koma ine sindinachire. Ndinkakhala pa desiki maso pa kompyuta, maganizo ali kuseri kwa mzikiti. Kodi wadya? Kodi thupi latentha? Kabaza aliyense woima pageti ndinkaganiza kuti wabwera ndi uthenga.

Pa ma ovaova aja panatsala imodzi yosungira. Ndikuikonza ndinaona kabokosi kena pa laputopu koti ukachonga, ovaova imayamba kutumiza yokha ikangomva mawu, popanda munthu kudina batani. Ndinakayang'ana kabokosi kameneko nthawi yaitali, kenako ndinachonga. Ndinatenga mafunde amodzi amene kampani sinkagwiritsa ntchito, n'kupanga tchanelo chimene chinali mu ovaova ziwiri zokha, yosungirayo ndi yanga. Malire odula mawu aja ndinawachotsa. Kagetsi kofiira kamene kamayaka ikamatumiza ndinakamata ndi tepi yakuda, ndipo voliyumu ndinaitsitsa mpaka pansi kuti isadzalankhule mwangozi. Madzulo ndinapita nayo kwa apongozi.

"Amayi, iyi ndi ya kuntchito. Kuofesi masoketi achepa, ndiye izikhala pano pa sola yanu. Musavutike nayo."

"Ikani pazenerapo, amake mwana. Ine zinthu za azungu sindigwira."

Zenera limenelo limayang'ana kukhonde la kuseri, kumene amakhala tsiku lonse. Kutsogolo pang'ono kuli chitsime chokumba pamanja chimene amavundikira ndi lata.

Kuyambira mawa lake ndinkaika kachingwe komvetsera ka ovaova yanga m'khutu, n'kukabisa ndi mpango. Anzanga ankaganiza kuti ndikumvera madalaivala. Ndinkamva mwana wanga akuseka, akulira, akumenya supuni pa mbale. Ndinkamva agogo ake akumuimbira m'Chiyao ndi mawu amene sindinawamvepo akuimba pamaso pa munthu wamkulu. Ndinadziwa kuti nkhuku amazikalipira ngati anthu. Ndinadziwa kuti munthu akabwera kudzatunga madzi lata limalira kawiri, potsegula ndi potseka. Ndinamvanso za ine mwini. Anauza mnzawo woyandikana naye nyumba, mayi amene amapita naye limodzi kumzikiti, kuti mpongozi wawo ndi munthu wabwino koma phala lake ndi lamadzi ngati la kuchipatala. Ndinachita manyazi pa desiki ndekha, koma kachingwe sindinachotse.

Tsiku lina mnzawoyo anabweranso, ndipo apongozi anatsitsa mawu. Chiyao ndimachimva ngakhale sindichilankhula bwino.

"Anzanga, maso angawa alowa nkhungu. Mwanayu akakhala apo ndimangoona chithunzithunzi. Ndimamudziwa ndi mawu basi."

"Iii! Nanga osawauza ana anu bwanji?"

"Iyayi, musayerekeze. Akamva andilanda mwana, akamupereka kwa mtsikana wantchito. Ine nditsala ndi chiyani pano? Nkhuku?"

Ndinasiya zimene ndinkalemba. Ndinali nditamva chinthu chimene sanafune kuti ndimve, ndipo chinali chokhudza moyo wa mwana wanga. Kunena kuti ndadziwa kunali kuulula mmene ndadziwira. Ndinayesa njira zokhotakhota. Ndinawauza kuti kuchipatala kukubwera madokotala a maso, bwanji tonse tikayezetse.

"Pitani inu amene mumayang'ana kompyuta," anandiyankha. "Ine mpunga ndimasankha ndekha, munapezamo mwala?"

Ndinauza mwamuna wanga kuti ndikuona ngati amayi sakuona bwino. Anawafunsa, iwo anakana mokalipa, ndipo iye anabwera kudzandiuza kuti ndisiye kuwafunira matenda. Ndinaganiza zomuchotsa mwana, koma ndikakumbukira mawu aja akuti nditsala ndi chiyani, mtima unkandiwawa. Ndiye ndinangopitiriza kumvetsera, tsopano ndi mantha oposa akale. Nthawi imeneyo mwana anali atayamba kuyenda mogwira zipupa.

Linali Lachisanu, nthawi ya swala ya masana, amuna ambiri atapita kumzikiti ndipo kuntchito kuli zii. M'khutu ndinamva mtsikana wina akuodira kuti atunge madzi. Lata linalira. Ndinamva ndowa ikugunda m'mbali mwa chitsime, kenako foni ya mtsikanayo inalira, iye n'kumachoka akuseka ndi amene ankamuimbirayo. Ndinadikira kuti lata lilirenso. Silinalire.

Patapita kanthawi ndinamva apongozi.

"Mwanache? Iwe, uli kuti? Bwera kwa anganga."

Panalibe yankho. Anaitananso, mawu atasintha, ndipo ndinamva mpando ukugwa. Ndinadina batani la ovaova yanga n'kukuwa kuti, "Amayi, chitsime!" Koma ndani akanandimva? Voliyumu ya ovaova ya pazenera ija ndinaitsitsa ndekha ndi manja angawa.

Sindikumbukira kuti ndinatuluka bwanji pageti. Akabaza onse anali kuswala, njinga zawo zitatsamira pakhoma la mzikiti. Ndinavula nsapato n'kuthamanga, kudutsa pamsika, azimayi ogulitsa tomato akundikuwira kuti kwagwanji. Kachingwe kanali kadakali m'khutu, ndipo njira yonse ndinkamva mawu a apongozi akunka natalikira. Ankapita kumsewu. Ankamufuna mbali yolakwika.

Ndinalowera kuseri kwa nyumba. Chitsime chinali chotsegula, lata lili pambali. Mwana wanga anali atakhala pansi m'matope a madzi otayika, pafupi moti akanangodzuka n'kuyenda pang'ono akanafika pakamwa pa chitsimecho. Ankamenya matopewo ndi manja onse awiri, akusangalala. Ndinamunyamula mwamphamvu mpaka analira. Ndinakankha lata ndi phazi.

Apongozi anamva kulirako n'kubwera akupapasa khoma, mpango utagwa kumutu. Ndinali ndisanaonepo imvi zawo. Anamugwira mwana nkhope, manja, miyendo, kenako anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

"Alhamdulillah. Alhamdulillah. Amake mwana, mwadziwa bwanji?"

Apo ndi pamene ndikanaulula. Ovaova yanga inali m'chiuno, pansi pa chitenje.

"Mtima wanga unangogunda, amayi," ndinatero. "Sindinathe kukhala."

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako ananena okha, popanda ine kufunsa, kuti maso awo anafa kalekale ndipo anabisa. Anati ngati ndikufuna kumutenga mwana ndimutenge, alibe mawu. Ndinawauza kuti mwana sapita kulikonse, koma iwo ndi amene apite kuchipatala. Ulendo uno sanakane.

Madokotala anati ndi ng'ala, ndipo imachotseka. Anayamba ndi diso limodzi, lina pambuyo pake. Pamene ankachira ndinapempha tchuthi, ndipo mwamuna wanga anamangira chitsime chija khoma ndi chitseko cha loko. Tsiku limene anawamasula bandeji yoyamba anamuyang'ana mdzukulu wawo n'kunena kuti, "Kodi mphuno iyi ndi ya kwa ndani? Kwathu kulibe." Tonse tinaseka. Sabata yomweyo ndinaichotsa ovaova ija pazenera, chifukwa tsopano akanatha kuona tepi yakuda ija n'kufunsa. Ndinaibweza kuntchito, n'kufufuta tchanelo chija mu zonse ziwiri. Masiku oyamba khutu linkandiyabwa chifukwa chosamva kanthu.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma bodza langa lili ndi miyendo kuposa ine. Apongozi anauza azimayi onse a kumzikiti kuti mpongozi wawo wa ku Utale ali ndi mtima umene Mulungu amaunong'oneza. Amandilemekeza mwa njira imene sankachita kale. Akafuna kupita ulendo amandifunsa kuti mtima wanga ukuti bwanji. Mwezi wathawu mayi wina wachitsikana anandipeza pamsika, mwana ali kumsana, n'kundifunsa monong'ona ngati ndikumva chilichonse chokhudza mwana wakeyo, poti wakhala akutsokomola. Ndinamuuza kuti ine sindimva kanthu, athamange naye kuchipatala. Anandiyang'ana ngati ndikumumana.

Ndikawauza apongozi zoona, adzakumbukira zonse zimene analankhula pakhonde paja poganiza kuti ali okha: nyimbo zawo, miseche yawo, mapemphero awo, ndi chinsinsi chimene anapempha mnzawo kuti asunge. Adzadziwa kuti tsiku limene analira n'kundiululira za maso awo, ine ndinali nditadziwa kale ndipo ndinangowayang'ana. Sindikudziwa ngati angadzandigwirenso dzanja. Ndikapanda kuwauza, ndipitiriza kudya ulemu umene si wanga.

Mwana wanga ali moyo, akuthamanga, ndipo agogo ake akumuona ndi maso awo. Ndikanapanda kuchonga kabokosi kaja, mwina bwenzi ndikulemba nkhani ina. Komabe ndinalowa m'nyumba ya munthu wamkulu popanda kuodira, ndipo ndinakhalamo miyezi. Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amayi anzanga amene mumasiya ana m'manja mwa ena m'mawa uliwonse, tandiuzani: kodi ndinachita bwino? Nanga apongozi angawa, ndiwauze?