Miyala ya M'thumba la Jekete

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene kapitawo anandibwezera dengu lonse la tiyi, ati masamba ndi okhwima. Ndinali pachikamwini ku Nsabwe, kwawo kwa akazi anga a Esinati, ndipo maso a abale awo anali atanditopetsa. Ndinagulitsa njinga n'kukwera basi.

Ku Durban ndinapeza ntchito yotchetcha kapinga pabwalo la kriketi. Ndinkagona m'kachipinda kosungira makina, ndekhandekha. Ndalama ndinkatumiza, koma pafoni aliyense ankangofunsa za malata. Zoti ndadzuka bwanji, ayi. Mkulu wina woweruza masewerawo, amene amati ampaya, ataona kuti sindichoka pabwalo, anayamba kundiphunzitsa malamulo. Ndi iyeyo anandionetsa kawerengedwe kake: miyala isanu ndi umodzi m'thumba la jekete. Mpira ukaponyedwa, mwala umodzi umasamukira m'thumba linalo. Ikatha yonse, aponye wina.

Nditabwerera, sukulu ina ya paesiteti inali italandira zida za kriketi, koma woweruza ndi wolemba zigoli panalibe. Anandipempha kuti ndiphunzitse aphunzitsi. Ndinakondwa, ngakhale ndinaona msanga kuti maso awo sanali pampira. Anali padzanja langa.

"Achimwene, mumagwiragwira chiyani m'thumbamo?" anafunsa a Namate, mphunzitsi wa masamu. "Mukangopisamo, wosewera watuluka m'bwalo."

Ndinawaonetsa miyalayo. Anaseka, koma palibe anafuna kuikhudza. Kuseka kwa kwathu ndimakudziwa ine. Munthu akaseka choncho, ndiye kuti nkhani yafika kale pamsika.

Posakhalitsa kunamveka zoti ndinakakhwima ku Joni, ndipo nyumba yathu ya malata inachokera m'thumba lomwelo. Nanenso ndinayamba kukayikira aliyense. Jekete ndinkaipeza yapachikidwa pamsomali wina. Ndikalowa m'nyumba, alamu anga ankasiya nkhani pakati.

Kenaka mwana wathu Chikondi anadwala, thupi kutentha ngati mbaula. Atsibweni awo a Esinati, eni mbumba, anandiitanitsa.

"Akamwini, sitikukunenani ayi," anatero. "Koma mwanayu sanadwalepo chonchi inu muli ku Joni. Tayambani mwakagona kusukuluko ndi miyala yanuyo, tione."

Mtima unandiwawa. "Ndi malungo awa, atsibweni. Miyalayi ndinatola pamsewu."

Ndinayang'ana a Esinati kuti anenepo kanthu. Iwo anangoyang'ana pansi. Ku Durban ankanditcha kwerekwere, dzina lonyozera alendo, koma sizinkandipweteka chonchi, poti kumeneko ndinalidi mlendo. Sabata yomweyo n'kuti ndikuphunzitsa kuti woweruza akakukwezera chala, ngakhale woweruzayo walakwitsa, sutsutsa, umangotuluka m'bwalo. Ndinanyamula bulangete, nditapempha atsibweniwo chinthu chimodzi chokha, kuti mwana apite kuchipatala.

Anapita naye kuchipatala cha ku Makwasa. Ine ndinkagona m'kalasi, masana n'kumaphunzitsa a Namate kuima kumbuyo kwa timitengo timene woponya mpira amalinga ndi kukweza chala osachita manyazi. Loweruka ndinaona a Esinati ataima kumapeto kwa bwalo, pamene pamayambira tiyi. Ndinathamanga.

"Wachira," anatero. "Akudya, akusewera."

Ndinathokoza Mulungu mokweza, misozi ili m'maso. "Ndiye ndibwere madzulo ano?"

Anakonza chitenje chawo, osandiyang'ana.

"Bambo a Chikondi, atsibweni akuti mwadzionera nokha. Mutangochoka inu, mwana wachira."